Chaka chimene chloroquine anayambanso kuchiza ku Ndirande

Mu 2005, pa chipatala chaching'ono cha ku Ndirande mumzinda wa Blantyre, ana 210 odwala malungo anagawidwa m'magulu awiri. Gulu lina linapatsidwa Fansidar, amene pa nthawiyo ndiye anali mankhwala a malungo ovomerezeka ndi boma. Gulu linalo linapatsidwa chloroquine, mankhwala amene dziko lathu linali litawasiya zaka 12 m'mbuyomo chifukwa anali atasiya kuchiza. Anawo ankabwera nawo kudzaonedwa kwa masiku 28. Mwa ana 80 a chloroquine amene anaonedwa mpaka kumapeto, mmodzi yekha ndiye amene mankhwalawo anamulephera. Mwa ana 87 a Fansidar, 71 malungo anawabwerera kapena sanawasiye n'komwe.

Zotsatirazi zinatuluka mu 2006 m'magazini ya madokotala ya New England Journal of Medicine. Anatsogolera ntchitoyi ndi Miriam Laufer ndi Christopher Plowe a ku University of Maryland, pamodzi ndi Terrie Taylor wa Blantyre Malaria Project ndi akatswiri a kuno kwathu, mmodzi mwa iwo Fraction Dzinjalamala. Akatswiri a malungo a dziko lonse amaidziwa nkhaniyi, ndipo dzina la Malawi limatchulidwa paliponse pamene akuphunzitsa za tizirombo tosamva mankhwala. Chimene chimandipweteka n'chakuti ndikaifotokozera anzanga, ngakhale okulira ku Ndirande komweko, ambiri amakhala akuimva koyamba.

Ine ndine wa m'badwo umene unakula ndi chloroquine. Amayi ankamugula pa okala, n'kumuphwanya pa supuni, kuthirapo timadzi ndi kashuga, koma kuwawa kwake kunkakhalabe kukhosi mpaka dzuwa kulowa. Kenako kunkabwera kuyabwa, m'zikhatho, kumapazi, m'mutu, moti ena tinkachezera kudzikanda ndi chitsononkho. Komabe anali wotchipa, ankapezeka paliponse, ndipo kwa zaka zambiri mwana akamwa ankadzuka mawa lake n'kupempha phala. Zinthu zinayamba kusintha pang'onopang'ono. Mwana ankamwa, thupi n'kuzizira masiku awiri, sabata isanathe latenthanso. Amayi ambiri anakalipiridwa kuti sanamalizitse mankhwala pamene anali atamalizitsa. Kumudzi nkhani zinkathera poti mwana walodzedwa. Ana ankafika ku chipatala zikhatho zili mbuu, magazi atatha m'thupi chifukwa cha malungo obwerezabwereza. Pofika 1993 chloroquine sankachiza ngakhale theka la ana omwe ankamumwa, ndipo Malawi anakhala dziko loyamba mu Africa kumuchotsa n'kuika Fansidar m'malo mwake.

Palibe mayi amene analakwa. Chimene chinasintha chinali m'kati mwa kachirombo, pa malo aang'ono kwambiri moti ngakhale maikulosikopu sangaonetse.

Kachirombo ka malungo oopsa kwambiri, kotchedwa Plasmodium falciparum, ndi selo imodzi yokha. Udzudzu ukakaluma munthu, kamayamba kachulukana m'chiwindi, kenako kamalowa m'maselo ofiira a m'magazi. Mmenemo kamadya haemoglobin, chinthu chimene chimanyamula mpweya wabwino n'kuchititsa magazi kufiira. Kamameza haemoglobin uja n'kumugayira m'kathumba kake kam'kati, momwe muli asidi. Vuto lake n'lakuti m'kugayako mumatsala kachigawo kokhala ndi ayironi kotchedwa haem, ndipo haem akakhala payekha ndi poizoni kwa kachiromboko. Ndiye kamamuumba kukhala timiyala takuda tosasungunuka, totchedwa haemozoin, n'kutiunjika pambali. Timiyala timeneti ndi timene Alphonse Laveran, dokotala wa asilikali a France, anationa m'magazi a wodwala ku Constantine m'dziko la Algeria mu 1880, pamene anazindikira koyamba kuti malungo amayamba ndi kachirombo.

Chloroquine, amene anapangidwa koyamba mu 1934 ndi Hans Andersag wa kampani ya Bayer ku Germany, amagwira ntchito pomwepo. Amalowa m'kathumba kaja, ndipo akakumana ndi asidi amasintha moti sathanso kutuluka. Amangochulukirachulukira mmenemo, n'kumamatira haem kuti asaumbike. Kachiromboko kamafa ndi zotsalira za chakudya chake chomwe.

Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950, madokotala ku Colombia komanso m'malire a Thailand ndi Cambodia anayamba kuona odwala amene chloroquine sankawachiza. Mu 1978 vutoli linaoneka kum'mawa kwa Africa, ndipo m'zaka za m'ma 1980 linafalikira pafupifupi paliponse kum'mwera kwa Sahara. Ku Senegal, kumene ofufuza ankalemba imfa za ana m'midzi chaka ndi chaka, imfa za malungo zinawirikiza kawiri, kwina kuposa apo. Koma chimene chinkachititsa chinali chisanadziwike.

Anachipeza movutikira. Thomas Wellems ndi anzake a ku National Institutes of Health ku America anatenga mitundu iwiri ya kachiromboka, wina womva chloroquine wochokera ku Honduras, wina wosamva wochokera ku Southeast Asia. Anaidyetsa udzudzu kuti iberekane m'mimba mwa udzudzuwo, poti ndi mmene tiziromboti timakwatirana, kenako anatenga ana a tiziromboti n'kumayesa mmodzimmodzi kuti ndani akumva mankhwala, ndipo watengera chiyani kwa kholo liti. Pofika 1991 anali atadziwa kuti yankho lili pa chromosome ya nambala 7, umodzi mwa mitolo ya malangizo a kapangidwe ka kachiromboka. Kuchokera apo mpaka kuloza jini yeniyeniyo, kachigawo ka malangizowo koyambitsa vutoli, panapita zaka zina pafupifupi khumi. Mu 2000 David Fidock, wa m'gulu lomwelo, anaitulukira, ndipo inatchedwa pfcrt.

Malangizo onse a mmene chamoyo chimapangikira amalembedwa mu DNA ndi zilembo zinayi zokha, A, C, G ndi T. Kachirombo ka malungo kali ndi zilembo pafupifupi 23 miliyoni, zogawidwa m'ma chromosome 14, ndipo zonse zinawerengedwa n'kusindikizidwa mu 2002. Jini ndi chigawo cha zilembozo chimene chimafotokoza kapangidwe ka puloteni imodzi, ndipo zilembo zitatu zilizonse zimatchula kachidutswa kamodzi ka puloteniyo. Puloteni ya pfcrt ili ndi tizidutswa 424, ndipo imakhala pakhoma la kathumba kogayiramo chakudya kaja. Ntchito yake yachibadwa ndi kutulutsa tizidutswa ta haemoglobin wogayidwa. Pa malo a nambala 76, kachirombo wamba kali ndi zilembo AAA, zimene zimatchula lysine. Kachirombo kosamva chloroquine kali ndi ACA, zimene zimatchula threonine. Lysine ali ndi mphamvu ya magetsi yofanana ndi ya chloroquine, choncho amakankhana, ndipo mankhwalawo sangadutse. Threonine alibe mphamvuyo. Akangokhalapo iyeyo, pamodzi ndi kusintha kwina kochepa pa jini yomweyo, puloteni ija imayamba kutulutsa chloroquine m'kathumbamo asanagwire ntchito yake. Kusinthaku amakutchula K76T.

Ndikaganiza za maliro a ana amene ndinaona ndili wamng'ono, n'kuganiza kuti ena mwa iwo anatheka chifukwa cha chilembo chimodzi pakati pa zilembo 23 miliyoni, mtima umandiwawa. Ofufuza atayerekeza zilembo zoyandikana ndi jiniyi m'tizirombo ta m'mayiko osiyanasiyana, anapeza mu 2002 kuti mtundu wosamva umene unavutitsa Africa sunabadwire kuno. Unachokera ku Southeast Asia, n'kuyenda m'magazi a anthu apaulendo mpaka kudzafika m'midzi yathu. Mu 2004 zinapezekanso kuti kusintha kwakukulu kumene kunafooketsa Fansidar kunachokera kudera lomwelo.

Jiniyo itadziwika, panatseguka njira yatsopano yofufuzira. Abdoulaye Djimdé wa ku Mali anaonetsa mu 2001 kuti odwala amene chloroquine ankawalephera anali ndi tizirombo ta K76T. Kuyambira pamenepo sipankafunikanso kudikira ana adwale kawiri kuti mudziwe ngati mankhwala akugwira ntchito m'dera. Wachipatala amangobaya chala, n'kudonthezera magazi pa kapepala kapadera kokhuthala. Dontho lija limauma n'kusanduka kabanga kakhofi kakang'ono, kapepalako n'kuikidwa m'kathumba ka pulasitiki, ndipo DNA ya kachirombo imasungika mmenemo kwa zaka popanda fuliji. Ku labu amadulapo kachidutswa, amasungunula DNA, n'kuichulukitsa ndi njira yotchedwa PCR mpaka itakwanira kuwerengedwa. Ndi njira yomwe ija tinkaimva tsiku ndi tsiku pa nthawi ya Covid-19.

James Kublin ndi anzake anachita zimenezi ndi magazi a ku Blantyre amene anali atasungidwa kuyambira 1992. Anapeza kuti mu 1992, mwa odwala 100 alionse, 85 anali ndi tizirombo ta K76T. Pofika 2000 anali 13 okha. Mu 2001 sankapezekanso. Ichi ndicho chinawalimbitsa mtima kupatsa ana a ku Ndirande mankhwala amene aliyense ankawadziwa kuti anatha ntchito. Popanda kuwerenga jiniyo, palibe komiti imene ikanavomereza kafukufuku wotere, ndipo ikanachita bwino kukana.

Funso limene linandisowetsa tulo nditawerenga izi linali lakuti tizirombo tosamva tija tinapita kuti. Munthu angaganize kuti chilembo chija chinabwerera mwakale, C n'kukhalanso A. Gulu la Laufer linafufuza zimenezi n'kupeza mu 2010 kuti si mmene zinachitikira. Tizirombo tomva chloroquine timene tinadzazanso Blantyre tinali ta mafuko ambirimbiri, osati ana a kholo limodzi, ndipo sitinali ndi zizindikiro za mtundu wa ku Asia uja. Tinali teniteni takale ta kuno. Tinapulumuka zaka zonse za chloroquine m'matupi a anthu amene sankamwa mankhwala, makamaka akuluakulu amene amayenda ndi tizirombo m'magazi osadwala chifukwa matupi awo anazolowera. Puloteni yosinthika ija siigwiranso bwino ntchito yake yachibadwa, choncho kachirombo kokhala nayo kamakula mofookerapo. Kali ngati wanjinga wonyamula matumba a makala akamapikisana ndi mnzake wopanda katundu pa chitunda. Pamene chloroquine anali paliponse, katunduyo ndiye anali chipulumutso, poti anzake onse ankafera panjira. Mankhwala atachotsedwa anangotsala katundu basi, ndipo opepuka aja anamupitirira.

Apa ndiyenera kuyamikira boma la nthawi imeneyo ndi madokotala amene analilangiza. Mayiko ambiri anasintha ndondomeko pa pepala koma chloroquine n'kumagulitsidwabe m'misika. Kuno anachotsedwadi mokwanira kuti tizirombo timve kusiyana kwake. Pambuyo pake mayiko ena monga Kenya, Tanzania ndi Zambia atamusiya, anaonanso K76T akuchepa.

Wina afunsa kuti nanga bwanji osangomubwezeretsa, poti ndi wotchipa. Ofufuzawo anachenjeza okha za zimenezi. Mu 2005 mayiko ambiri a mu Africa anali akugwiritsabe ntchito chloroquine, ndipo udzudzu ndi anthu amawoloka malire a Mwanza, Dedza, Mchinji ndi Songwe tsiku lililonse. Jini yosamva ija sinathe padziko lapansi. Chloroquine atabwerera yekha m'maokala, tizirombo tochepa timene tili nayo tingachulukenso m'zaka zowerengeka. Ndiponso si kusintha kulikonse kumene kumazimiririka mankhwala akachotsedwa. Fansidar anasiya kukhala mankhwala ochizira malungo kuno mu 2007, pamene kunabwera LA, koma kusintha kusanu pa majini a dhfr ndi dhps kumene kunamufooketsa kukadali m'tizirombo pafupifupi tonse ta m'Malawi. Komabe amayi oyembekezera amapatsidwabe Fansidar ku sikelo, ndipo kafukufuku amaonetsa kuti amathandizabe ana kubadwa olemera bwino. Amayi, musamusiye chifukwa cha zimene ndalembazi.

Tsopano tili m'nthawi ya LA, ndipo nkhawa yanga yeniyeni ili apa.

M'piritsi la LA muli mankhwala awiri. Artemether amachokera ku artemisinin, amene Tu Youyou ndi anzake ku China anamutulutsa m'chomera cha Artemisia annua mu 1972, ntchito imene inamupezetsa mphoto ya Nobel mu 2015. Ameneyu amapha tizirombo mwachangu kwambiri, koma sakhalitsa m'thupi. Lumefantrine amachedwa kuyamba, koma amakhala masiku angapo akusesa totsalira. N'chifukwa chake LA amamwedwa kawiri pa tsiku kwa masiku atatu, ndipo anamwino amati mumwere chakudya cha mafuta pang'ono kapena mkaka, poti lumefantrine salowa bwino m'magazi m'mimba mukakhala mopanda kanthu. Munthu akamwa tsiku limodzi, n'kumva bwino, n'kusungira mwana mapiritsi otsalawo, amasiya tizirombo timene talawa mankhwala koma sitinafe.

Mu 2008 ndi 2009 madokotala kumadzulo kwa Cambodia, makamaka ku Pailin, anaona kuti tizirombo tikuchedwa kutha m'magazi a odwala omwa artemisinin. Dera lake ndi lomwe lija la chloroquine. Ulendo uno jini inapezeka msanga. Ku Toulouse m'dziko la France, ofufuza anasunga kachirombo kochokera ku Tanzania m'labu kwa zaka zisanu, akukapatsa artemisinin mobwerezabwereza n'kumasunga opulumuka. Atawerenga DNA yake yonse n'kuiyerekeza ndi ya tizirombo ta odwala a ku Cambodia, Frédéric Ariey, Didier Ménard ndi anzawo analoza jini yotchedwa kelch13, ndipo anafalitsa izi mu 2014. Mu 2020 gulu la Tobias Spielmann ku Hamburg linaonetsa mmene imagwirira ntchito. Artemisinin payekha sapha. Amasanduka poizoni akakumana ndi haem uja wochokera m'chakudya cha kachirombo. Puloteni ya kelch13 imathandiza kachirombo kumeza haemoglobin. Ikasintha, kachirombo kakang'ono kamene kangolowa kumene m'selo yofiira kamadya pang'ono, haem amachepa, mankhwala sadzuka mokwanira, ndipo pofika nthawi yoti kadye kwambiri artemisinin amakhala atatha m'magazi.

Aliyense ankayembekezera kuti vutoli libweranso kuchokera ku Asia monga kale. Silinadikire. Mu 2020 Aline Uwimana wa ku Rwanda ndi anzake anapeza kusintha kwa kelch13 kotchedwa R561H m'tizirombo ta ku Rwanda, ndipo zilembo zoyandikana nako zinaonetsa kuti kunabadwira komweko. Mu 2021 kumpoto kwa Uganda kunapezeka kusintha kwina kuwiri, C469Y ndi A675V. Ku Eritrea kuli R622I. R561H wapezekanso m'chigawo cha Kagera ku Tanzania, dziko limene timagawana nalo malire ndipo magalimoto athu a mafuta amapitako sabata iliyonse. Mu November 2022 bungwe la World Health Organization linatulutsa ndondomeko yapadera yolimbana ndi vutoli mu Africa.

Ndisakuopsezeni mopitirira. Kusintha kwa kelch13 pakokha sikutanthauza kuti LA wasiya kuchiza. Kumachedwetsa kufa kwa tizirombo, ndipo lumefantrine akamagwirabe ntchito, wodwala amachira. Choopsa n'chakuti lumefantrine amasiyiridwa ntchito yaikulu yekha. Ku Cambodia zinatha choncho: artemisinin atafooka, mnzake wa kumeneko, piperaquine, anagonjanso, ndipo m'madera ena pafupifupi theka la odwala sankachira. Palinso china chimene chimandidabwitsa. Kafukufuku wa kum'mawa kwa Africa anaonetsa kuti tizirombo tokhala ndi pfcrt yachibadwa, tomwe tija timamva chloroquine, ndi timene timalimbirako pang'ono pamaso pa lumefantrine. Ndiye kuti zomwe zinatisangalatsa ku Ndirande zili ndi mbali ina yofunika kuiyang'anitsitsa. Malungo amapha anthu pafupifupi 600,000 pa chaka padziko lonse, oposa 90 mwa 100 alionse mu Africa muno, ambiri mwa iwo ana osakwana zaka zisanu. Izi zili chonchi mankhwala akugwira ntchito.

Zonse ndafotokozazi zinadziwika chifukwa amayi ena anatambasula dzanja la mwana wawo kuti abayidwe chala, n'kuvomera kubwera naye tsiku ndi tsiku. Kuno kwathu nkhani ya magazi si yamasewera. Tonse tikukumbukira 2017, pamene mphekesera za anamapopa ku Mulanje, Phalombe ndi madera oyandikana nawo zinaphetsa anthu osalakwa, ndipo achipatala ena anaopa kulowa m'midzi. Sindivomereza kuphana kumeneko ngakhale pang'ono. Koma ndimaona kuti munthu amene magazi ake amatengedwa, osadzamvanso chimene chinapezekamo, amasiyidwa ndi mafunso, ndipo mafunso osayankhidwa amayankhidwa ndi mphekesera. Nkhani ya K76T ndi yotheka kuifotokoza m'Chichewa pa wailesi kapena pa msonkhano wa mfumu. Agogo amene anaona chloroquine akuchiza kenako akulephera angaimve msanga kuposa mwana wa ku yunivesite, poti anaiona ndi maso. Anthu amenewa ndi eni ake a zotsatirazo.

Ndimafunanso kuti kuwerenga majini kuzichitikira kuno kwambiri. Magazi ambiri a zaka za m'ma 1990 ankakwera ndege kuti akawerengedwe kunja. Lero tili ndi Kamuzu University of Health Sciences, imene inachokera ku College of Medicine yomwe inatsegulidwa mu 1991, tili ndi bungwe la kafukufuku la Malawi-Liverpool-Wellcome Programme pafupi ndi chipatala cha Gulupu, ndipo tili ndi achinyamata ophunzira bwino za DNA. Chovuta n'chakuti ntchito zotere zimadalira ndalama za mapulojekiti a zaka zochepa, pamene kachirombo kamasintha chaka chilichonse, pulojekiti ilipo kapena yatha.

Chizindikiro choyamba cha kelch13 m'dera chimakhala wodwala amene wamwa LA bwinobwino, koma pa tsiku lachitatu tizirombo tikuonekabe m'magazi ake. Kachipangizo kapulasitiki koyezera malungo mwachangu kamene timakaona m'zipatala zing'onozing'ono sikangathandize pamenepa, chifukwa kamafufuza puloteni ya kachirombo imene imatsalira m'magazi kwa milungu ingapo ngakhale tizirombo titafa kale. Pamafunika maikulosikopu, utoto wopakira magazi pa galasi, munthu wodziwa kuwerenga tizirombo, ndi kapepala kodonthezerapo magazi kuti jiniyo ikawerengedwe. Ndipo zimenezi zikufunika kwambiri m'maboma a m'malire monga Karonga, Chitipa ndi Mchinji, kutali ndi ma labu aakulu a ku Blantyre ndi Lilongwe.